Musanakwere Ndege ya M'dziko Momwe Muno

Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre pa basi, kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, ndi ulendo wa makilomita oposa 300 ndipo umadya maola anayi kapena asanu. Pa ndege, kuchoka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukatera ku Chileka, ola limodzi silikwana. N'chifukwa chake ena mwa ife, akaitanidwa mwadzidzidzi ku maliro, ku mayeso a ntchito kapena ku chipatala chachikulu, amadzimana n'kugula tikiti ngakhale ndi yokwera mtengo. Chomvetsa chisoni n'chakuti ndalamazo zimatha kulowa m'madzi munthu asanaione n'komwe ndegeyo.

Nkhani yaikulu ndi dzina. Paulendo wa m'dziko momwe muno simufunika pasipoti. Chiphaso cha unzika chimakwanira. Koma dzina lolembedwa pa tikiti liyenera kufanana ndi la pachiphasocho, chilembo ndi chilembo. Ambiri timagulitsa tikiti kudzera mwa mwana kapena mlamu wa m'tauni, amene amatidziwa ndi mfunda kapena dzina la kwa amuna, pamene chiphaso chili ndi dzina la kwa makolo. Mutumizireni chithunzi cha chiphaso asanalipire, chifukwa tikiti ya ndege sapatsirana ngati ya basi.

Ndege siidikira kudzaza, ndiponso siimva zoti munthu ali pafupi kufika. Fikani pabwalo kudakali maola awiri, pokumbukira kuti mabwalo onse awiriwa ali kunja kwa mizinda ndipo kulembetsa okwera kumatsekedwa nthawi yonyamuka isanakwane. M'nyengo ya dzinja nthawi zimasinthasintha, choncho poguls tikiti perekani nambala ya foni imene imagwira.

Katundu amapimidwa pa sikelo, ndipo mlingo wololedwa umalembedwa pa tikiti. Ufa, mtedza kapena usipa wa achibale mukhoza kunyamula, koma zikapyola mlingo mulipira ndalama zoti mwina n'kuposa mtengo wa ufawo. Mpeni, lumo, sizasi ndi zamadzimadzi monga uchi ndi mafuta ophikira ziikeni m'chikwama chachikulu chimene mumapereka polembetsa, mutazimanga bwino. Parafini, petulo ndi gasi saloledwa m'pang'ono pomwe. Mankhwala anu, ndalama, zikalata ndi batire yotchajira foni zikhale m'chikwama cha m'manja. Phukusi la munthu wosamudziwa musalandire, ngakhale atadandaula motani. Chopezeka m'katundu wanu mlandu wake ndi wanu.

Amayi oyembekezera amene masiku ayandikira, komanso odwala kwambiri, afunse kampani ya ndege pasadakhale, pakuti angafunike kalata ya dokotala. Wosowa njinga ya olumala anenenso pogula tikiti. Makutu akayamba kutseka pamene ndege ikutsika, mezani malovu kapena yasamulani, khanda liyamwitseni.