Chipeso chowerengera kuwala

Ndikafunsa ophunzira anga a Fomu 3 kuti sekondi imodzi ndi chiyani, ambiri amangoloza wotchi yapakhoma. Nanga wotchiyo anaitchera potengera chiyani?

Kuyambira 1967, yankho lili mu atomu ya caesium-133. Elekitironi yakunja ya atomuyi imadumpha pakati pa magawo awiri a mphamvu pokhapokha ikawombedwa ndi ma microwave a frequency imodzi yeniyeni. Mafunde amenewa akagwedezeka ka 9,192,631,770, basi sekondi yakwana. Nambala ndi yaikulu, koma zipangizo zamagetsi zimatha kuiwerenga.

Kuwala ndiye kumavuta. Kuwala kofiira kumagwedezeka kopitirira ka 400 thiriliyoni pa sekondi, ndipo palibe chipangizo chamagetsi chothamanga chonchi. Ndiye tiwerenga bwanji?

Njira yake anaikonza John Hall wa ku America ndi Theodor Hänsch wa ku Germany, omwe analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Amagwiritsa ntchito laser yophethira mofulumira, tinene ka 1 biliyoni pa sekondi. Kuwala kwa laser yotere kumakhala ndi ma frequency ambirimbiri otalikirana mofanana, ngati mano a chipeso. N'chifukwa chake imatchedwa frequency comb. Mpata wapakati pa mano ndi wofanana ndendende ndi liwiro la kuphethirako, lomwe timaliyeza ndi wotchi ya caesium. Tikayezanso pomwe chipesocho chayambira, frequency ya dzino lililonse timaipeza pongochulukitsa ndi kuphatikiza.

Munamvapo nsambo ziwiri za gitala zosachunidwa bwino zikulira limodzi? Phokoso limamveka "wawawa", ndipo liwiro la "wawawa" ameneyu ndi kusiyana kwa ma frequency awo. Kuwala nakonso kumatero. Tikasakaniza kuwala komwe tikufuna kuyeza ndi dzino loyandikana nako, timapeza "wawawa" wochedwa yemwe zamagetsi zimawerenga mosavuta.

Zili ndi ntchito yanji? GPS ya m'foni imadalira mawotchi a atomu a m'masetilaiti. Nthawi ikaphonyeka ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi, mtunda umaphonyeka ndi mamita 300. Lero mawotchi a strontium, oyendera kuwala, akuposa a caesium kulondola, ndipo chipesochi ndi chomwe chimawerenga kugunda kwawo.

Tayesani iyi m'kope mwanu: chipeso chayambira pa 0, mpata wa mano ndi 1 GHz, ndipo laser yofiira ili pa 474 THz. Kodi ili pa dzino la nambala chiyani?