Kodi Mbiri Yanu ya Kuchipatala Ndi Yotetezeka pa Kompyuta?

Mukatengedwa magazi pa kiliniki ya boma ku Mamelodi, kapena pa zipatala za Steve Biko ndi Kalafong mu Pretoria, magaziwo amakayezedwa ndi bungwe la National Health Laboratory Service (NHLS). Bungweli limatumikira anthu pafupifupi 80 mwa anthu 100 alionse m'dziko la South Africa, ndipo zotsatira zimafika kwa adokotala kudzera pa kompyuta.

Mu June 2024, mbava za pa intaneti zinalowa m'makompyuta a NHLS n'kufufuta zina mwa zimene zinasungidwamo, kuphatikizapo makope osungidwira tsiku la ngozi. Malabotale ankayezabe magazi, koma njira yotumizira zotsatira inaduka. Kwa milungu ingapo, ogwira ntchito ankaimbira madokotala foni kuwauza zotsatira zofunika mwamsanga, pamene odwala ena ankangodikira.

Kuwononga kotere kumaonekera msanga, koma kuba kumachitika mwakachetechete. Wakuba mbuzi amasiya khola lotseguka, mwini n'kudziwa m'mawa womwewo. Wakuba mbiri yanu amangoikopera, ndipo faelo imatsala pamalo pake ngati sinakhudzidwe. Khomo lolowera lingakhale laling'ono: imelo imodzi yachinyengo, kapena pasiwedi yosavuta kuilota. Chowawa n'chakuti khadi la kubanki mungalitseketse n'kulandira lina, koma zotsatira za HIV kapena tsiku lanu lobadwa simungazisinthe. Zikatuluka, zatuluka.

Lamulo la POPIA, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, limalamula bungwe lililonse kuti likudziwitseni ngati mbiri yanu yagwera m'manja olakwika. Mukhozanso kudandaula ku ofesi ya Information Regulator.

Inunso muli ndi mbali yanu. Lembani m'kabuku mayina a mankhwala amene mumamwa, mlingo wake ndi zotsatira zanu zomaliza, monga za shuga kapena kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, ndipo muzipita nako kukiliniki pamodzi ndi khadi lanu. Musamaike chithunzi cha khadilo kapena cha pasipoti m'magulu a WhatsApp. Wina akakuimbirani foni n'kunena kuti ndi wa kuchipatala, koma akufuna PIN kapena nambala yachinsinsi imene banki yakutumizirani, dulani foniyo. Zotsatira zikachedwa, musasiye kumwa mankhwala. Funsani anamwino tsiku loti mudzabwerenso.