Tenda ya boma isasanduke matenda a bizinesi

Pa Bandawe, pa Chintheche ndi pa Kande, kasitomala wa tsiku ndi tsiku amagula pang'onopang'ono: kambale ka usipa, kilogalamu ya mpunga, kachitini ka ufa wa kondowole. Amene amagula ndi matumba ndi boma. Sukulu zogonera komweko zimafuna nyemba ndi chimanga, zipatala zimafuna chakudya cha odwala, ndipo zitukuko za khonsolo zimafuna mchenga, miyala ndi amisiri.

Koma boma limagulira pa makomo atatu osiyana: kulikulu ku Lilongwe, m'mabungwe a m'chigawo omwe ambiri ali ku Mzuzu, ndi kwathu konkuno kudzera kukhonsolo ya Nkhata Bay ndi m'sukulu. Wamalonda wamng'ono asamangoyang'ana komwe kuli ndalama zambiri. Ayambe wadzifunsa kuti mpamba wake ungapirire masabata angati akudikira malipiro.

Mapepala oyambira

Makomo onse atatu amafunsa mapepala ofanana: kalata yolembetsa bizinesi kwa Registrar General, nambala ya msonkho ya TPIN, chiphaso cha MRA chosonyeza kuti munthu alibe ngongole ya msonkho, chiphaso cha PPDA ndi akaunti ya kubanki ya m'dzina la bizinesi. PPDA ndi bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, lomwe lidabwera ndi lamulo la 2017 kulowa m'malo mwa ODPP. Amisiri omanga amafunikanso chiphaso cha bungwe loona za zomangamanga, lomwe ambiri amalidziwa ndi dzina la NCIC. Ziphasozi zimakhala ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo chimodzi chikatha, mtengo wabwino suthandizanso kanthu.

Mu 2020 boma lidatulutsa lamulo lina lopereka mpata wapadera kwa mabizinesi ang'onoang'ono pogulitsa katundu kuboma, makamaka a amayi, achinyamata ndi anthu aulumali. Mwayiwu ndi wa olembetsa okha. Wogulitsa pabenchi yemwe alibe pepala lililonse, lamuloli silimuona.

Kulikulu: ndalama zambiri, mpanda wautali

Maunduna, Roads Authority, Central Medical Stores Trust ndi NFRA amalengeza zomwe akufuna kugula m'nyuzi monga The Nation ndi The Daily Times. Makontilakiti ake ndi onona, koma zofunika zake n'zolemera: mabuku a Chingerezi oyenera kudzazidwa mosaphonya, umboni wakuti munthu adagwirapo ntchito yofanana nayo, malipoti a kubanki ndi chikole. Malipiro akachedwa, kukalondola ku Lilongwe kudzera ku Nkhotakota ndi Salima kumadya tsiku lonse pabasi, osawerengera malo ogona. Zidachitikapo kuti boma lidabweza ngongole zakale za amalonda ndi mapepala olonjeza kudzalipira m'tsogolo m'malo mwa ndalama. Kampani yaikulu ikhoza kudikira, koma mwini golosale sangathe.

Phindu la khomo ili kwa wamalonda wa kunyanja limabwera chammbali. Kontilakitala akapata ntchito pamsewu wa M5 kapena yomanga sukulu, amagula mchenga, miyala ndi chakudya cha antchito kwa anthu apafupi. Pamenepo wogula ndi kontilakitalayo, osati boma, choncho mgwirizano ulembedwe ndipo malipiro azibwera sabata ndi sabata.

Ku Mzuzu: msika wa anthu ogwirizana

Dziko lino lilibe boma la chigawo lokhala ndi thumba lakelake. Zomwe zilipo ndi mabungwe otumikira m'chigawo cha kumpoto, monga Mzuzu Central Hospital, Mzuzu University, Northern Region Water Board ndi ofesi ya zaulimi ya Mzuzu ADD. Bungwe lililonse lili ndi komiti yakeyake yogula katundu.

Kuchoka pa Chintheche kukafika ku Mzuzu ndi makilomita osakwana 100, koma chitunda chodutsa pa Mpamba chimadya mafuta. Pa sopo, shuga kapena mapepala, wa ku Bandawe sangapikisane ndi mashopu aakulu a mumzindawo, omwe n'kutheka kuti iyeyo amapikula komweko. Mphamvu yake ili pa zomwe zimachokera kwawo: usipa, mpunga wa ku Limphasa ndi ufa wa chinangwa.

Vuto ndi kuchuluka kwa katundu. Bungwe lodyetsa anthu mazanamazana limafuna matumba omwewo mwezi uliwonse, osadukiza. Apa mutu umodzi susenza denga. Amalonda khumi olembetsa kopaletivi akhoza kudzaza lole imodzi, kugawana mtengo wa mayendedwe ndi kutuma munthu mmodzi kukalondola malipiro. Kwa a ku Usisya, omwe amadalira kwambiri boti ndi msewu wovuta wa m'mapiri, kugwirizana kotere n'kofunika koposa.

Kukhonsolo ndi kusukulu: poyambira penipeni

Kuchokera pa lamulo la maboma ang'ono la 1998, ntchito zambiri za maphunziro a pulayimale, zaumoyo ndi zaulimi zidatsikira kumakhonsolo. Ndalama za CDF ndi za thumba la chitukuko cha m'boma zimamanga midadada ya sukulu, timilatho ndi misika. Sukulu za pulayimale nazo zimalandira ndalama za SIG, zomwe komiti ya sukulu imagulira zinthu monga choko, makope ndi zokonzera madesiki.

Pa katundu wa ndalama zochepa, ofesi imafunsa makotesheni osachepera atatu n'kusankhapo. Zidziwitso zimamatidwa pabolodi kukhonsolo, ndipo wopita kumisonkhano ya VDC ndi ADC amamva msanga za chitukuko chomwe chikubwera m'dera lake. Ubwino wina ndi wakuti wolondola ndalama amakwera minibasi m'mawa n'kubwerako tsiku lomwelo.

Sukulu za pamishoni ya Bandawe, yomwe idayamba mu 1881, zili m'manja mwa sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP. Nazonso zimagula chakudya chambiri, koma wamalonda afunse kaye kuofesi ya sukuluyo za ndondomeko yake, asangoganiza kuti n'chimodzimodzi ndi kukhonsolo.

Msampha wa khomo lapafupi ndi kuzolowerana. Munthu wodziwana naye akanena kuti katundu abwere lero, mapepala akonzedwa mawa, wamalonda akane mwaulemu. Popanda LPO, chikalata chosonyeza kuti ofesi yaitanitsadi katunduyo, ngongoleyo imakhala yopanda mwini, ndipo bwanayo akasamutsidwa nkhani imathera pomwepo.

Masamu asanasaine

Tiyerekeze mayi wa mpamba wa K600 000 yemwe amapeza phindu la K30 000 pasabata pamsika. Wapata tenda ya phindu la K150 000 ndipo waikamo mpamba wonse. Malipiro akatenga masabata 12, wataya K360 000 yomwe akadapeza pabenchi pake. Tenda yooneka yonona yamubweza m'mbuyo ndi K210 000, ndipo ngati mpambawo udali wa katapira, ndiye kuti bizinesi yagona.

Ndalama yodikirayo imathanso mphamvu. Mu November 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene ankadikira malipiro pamitengo yakale adalephera kupikulanso katundu wofanana ndi amene adapereka. N'chifukwa chake kotesheni izinena masiku omwe mtengowo ugwire ntchito. Wa usipa awerengerenso nyengo ya mwera ndi masiku omwe mwezi ukuwala, pomwe nsomba zimasowa ndipo mtengo wa padoko umakwera. Akumbukirenso kuti ofesi imadula msonkho isanalipire, ndipo atenge chikalata cha msonkhowo.

Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March. Ngongole yowoloka tsikuli isanalipidwe imavuta kulondola, choncho oda ya kumapeto kwa chaka imafuna kusamala kwambiri. Wopempha kangachepe kuti tenda idutse akanenedwe ku ACB, chifukwa wopereka chiphuphu naye ndi wolakwa, ndipo PPDA ili ndi mphamvu yoletsa bizinesi kugulitsanso kuboma.

Njira yosapweteka ndi kuyamba ndi oda yosapitirira theka la mpamba, pasukulu kapena kukhonsolo. Katundu akaperekedwa, wolandira asaine ndi kudinda chidindo, ndipo wamalonda asunge kope ya LPO, invoisi ndi umboni wa malipiro m'fayilo imodzi. Fayilo yomweyo ndiyo adzaionetse ku Mzuzu akadzamufunsa komwe adagulitsako kale.