Kuwomba mfuti ya rimfire yopanda chipolopolo kungathe kuiwononga

Anthu amene akuphunzira kulasa chandamale amakonda kukhethemula mfuti m'kati mulibe chipolopolo, n'cholinga chozolowetsa chala ndi diso popanda kuwononga ndalama. Pa mfuti zambiri za masiku ano mchitidwewu ulibe vuto lalikulu, koma pa mfuti za mtundu wa rimfire ungathe kuwononga zitsulo za m'kati mpaka mfutiyo kuyamba kukanika kuwomba.

Gwero la vutoli ndi kapangidwe ka chipolopolo. Kuti wonga uyake, pamafunika kamankhwala kena komwe kamathetheka kakamenyedwa mwamphamvu. M'zipolopolo za mtundu wa centerfire, monga za mfuti za asilikali, kamankhwalaka kamakhala pakati penipeni pa thako la chigoba. M'zipolopolo za rimfire, kamankhwalaka amakathira m'kati mwa mkombero wa chigobacho, kuzungulira m'mphepete monse.

Nzeru imeneyi inayamba ndi Louis-Nicolas Flobert wa ku France m'chaka cha 1845. Kampani ya Smith & Wesson ya ku America inatulutsa chipolopolo cha .22 Short mu 1857, ndipo mu 1887 kunabwera cha .22 Long Rifle, chomwe mpaka lero ndi chimodzi mwa zipolopolo zogulidwa kwambiri padziko lonse. Ndi chimene amagwiritsa ntchito pa mpikisano wolasa chandamale pa mtunda wa mamita 50 ku masewera a Olimpiki, komanso alenje a nyama zing'onozing'ono.

Munthu akakhethemula mfuti ya rimfire, kachitsulo kooneka ngati msomali kamathamanga n'kufinya mkombero wa chigoba pa mlomo wa chibowo chomwe chipolopolo chimalowamo. Mkomberowo ndi wamkuwa, choncho ndi wofewa ndipo umalandira nkhonya yonse. Chipolopolo chikasowa, palibe chotchinga pakati, ndipo pa mfuti zambiri kachitsuloko kamakamenya mlomo wa chibowocho, chitsulo pa chitsulo chinzake. Pa mfuti ya centerfire zimenezi sizichitika chifukwa kachitsuloko kamalunjika pakati pa chibowo, pomwe sikagunda kanthu.

Kuwonongekaku kumadza pang'onopang'ono. Kumenya kobwerezabwereza kumasiya kadzenje pa mlomo wa chibowo, ndipo chitsulo chomwe chafinyika chimatundumukira m'kati. Zikatero chipolopolo chimavuta kulowa, kapena chigoba chimakanirira mfuti ikawombedwa. Kadzenjeko kakakula, mkombero umasowa polimba potsamira, motero nkhonya imachepa mphamvu ndipo chipolopolo sichiphulika. Nsonga ya kachitsulo komenyako nayonso ingathe kuphwatalala, kubenthuka ngakhale kuthyoka kumene.

Amisiri okonza mfuti ali ndi chida chobwezeretsa chitsulo chotundumukacho m'malo mwake, koma zinthu zikafika poipa pamafunika kusintha mpope wonse wa mfuti, zomwe zimadya ndalama zochuluka. Kupala malowo ndi tupa si njira yabwino chifukwa chitsulo chomwe chachotsedwa sichibwereranso.

Komabe si mfuti zonse za rimfire zomwe zili pa chiopsezo chofanana. Makampani ena anaika kachitsulo koletsa kuti nsonga ija isafike pa mlomo wa chibowo. Chitsanzo ndi mfuti ya Ruger 10/22, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1964, ndipo kampani yake imavomereza kuikhethemula yopanda chipolopolo. Mfuti zambiri za mpikisano nazo zili ndi njira yoyesera chokhethemulira popanda kumasula kachitsulo komenya. Zomwe zimawonongeka kwambiri ndi mfuti zakale. Choncho mwini mfuti ayenera kuwerenga kabuku ka malangizo a kampani, ndipo ngati kabukuko sikanenapo kanthu, ndi bwino kupewa mchitidwewu.

Kwa ofuna kuyeserera, m'masitolo a mfuti mumapezeka zipolopolo zongoyerekeza, zopanda wonga, zapulasitiki kapena zachitsulo chofewa, zomwe zimalandira nkhonya m'malo mwa mfuti. Ena amagwiritsa ntchito chigoba cha chipolopolo chowomberedwa kale, n'kumachizungulitsa kuti kachitsulo kazimenya pamalo patsopano. Zonsezi zimatha msanga chifukwa mkombero umaphwanyika, ndipo zimafunika kusinthidwa pafupipafupi.

Ngozi yoposa zonse si ya zitsulo ayi, koma ya moyo wa munthu. Kuchotsa magazini sikutanthauza kuti mfuti ilibe kanthu, pakuti chipolopolo chimodzi chingathe kutsalira m'chibowo. Ngakhale chipolopolo cha .22 n'chaching'ono, chimapha, ndipo chingathe kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Pa chifukwa ichi, aphunzitsi a kagwiritsidwe ntchito ka mfuti amalangiza kuti munthu asanakhethemule atsegule mfuti, ayang'ane m'chibowo ndi maso ake, aike zipolopolo zenizeni m'chipinda china, ndipo nthawi zonse aloze mfutiyo kumene kulibe munthu.