Lamba wa Nyesi pa Khosi la Galu

M'mapiri a dziko la Wales, ku Britain, muli nkhosa zochuluka kuposa anthu okhala m'dzikolo. Anthu a m'matauni amakonda kupita kumapiriko kukawongola miyendo pamodzi ndi agalu awo. Tsono galu akangoona nkhosa zikudya msipu, mtima wa uzimba umamubwerera, ndipo amaliyatsa liwiro. Mwini wake amayesa kufuula ndi kuimba mluzu, koma galu samva kanthu. Nkhosa ya bere ikathamangitsidwa motero imatha kutaya berelo, ndipo lamulo la chaka cha 1971 limateteza mlimi amene waombera galu wovutitsa ziweto ngati panalibe njira ina yomuletsera. Choncho moyo wa galu wotere umadalira chinthu chimodzi, chimene ndi kubwera pamene waitanidwa.

Vuto limeneli la galu wosamva ali patali ndi limene linabala lamba wa nyesi. Lambayu anayamba kutchuka ku Amereka cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, makamaka pakati pa alenje amene agalu awo ankawalowerera m'tchire. Pa lambapo pamakhala kabokosi ka batire, ndipo pansi pake pali timano tiwiri tachitsulo timene timagunda khungu la pakhosi. Mwini galu amagwira kachipangizo kena m'manja. Akadina batani, uthenga umayenda m'malere monga umachitira wa wailesi, ndipo galu amagwidwa nyesi ngakhale ali kutsidya kwa dambo. Malamba oyambawo anali aukali ndithu. Amakono ali ndi mphamvu zosiyanasiyana zimene munthu angasankhe, ndipo ambiri amathanso kulira kapena kunjenjemera chabe popanda nyesi.

Koma kodi galu amaphunzira chiyani akamva ululu umenewo? Galu sadziwa kuti pali batani, ndiponso palibe amene angamufotokozere chifukwa cha chilango. Iye amalumikiza ululuwo ndi chinthu chimene akuchita kapena kuona pa kamphindi komweko. Nyesi ikafika pamene mphuno yake yalunjika nkhosa, angaphunzire kuopa nkhosa. Ikachedwa pang'ono n'kumupeza atatembenukira mwana amene akudutsa, angaphunzire kuopa ana, ndipo galu wamantha ndiye sachedwa kuluma. Choipa kwambiri ndi pamene nyesi yamupeza atayamba kale kubwerera kwa mbuye wake, pakuti apo waphunzitsidwa kuti kubwera ndiko kumapweteka.

Akatswiri a pa sukulu ya ukachenjede ya za ziweto ku Hannover, m'dziko la Jeremani, anaonetsa zimenezi poyera m'chaka cha 2007. Anatenga agalu 14 a mtundu wa beagle nawagawa m'magulu atatu. Gulu loyamba linkalandira nyesi pa nthawi yeniyeni imene galu wakhudza chidole cha kalulu. Lachiwiri linkalandira galu akapanda kubwera ataitanidwa, pamene lachitatu linkalandira mwachisawawa, popanda chifukwa chodziwika. Atapima malovu a agaluwo kuti aone kukula kwa nkhawa m'thupi, anapeza kuti a gulu loyamba sanasinthe kwenikweni, popeza anazindikira chimene chinkabweretsa ululu ndipo ankatha kuchipewa. A magulu enawo nkhawa inawakwera, makamaka a gulu lachitatu amene sankadziwa kuti tsoka lichokera kuti.

Funso lina linatsalabe: kodi lambayu amaphunzitsa bwino kuposa njira zina? Yankho linachokera ku yunivesite ya Lincoln, ku Mangalande, m'chaka cha 2014, pa kafukufuku amene boma la Britain linalipirira. Agalu 63 amene eni ake ankawadandaula chifukwa cha kusamva ndi kuthamangitsa ziweto anaphunzitsidwa kwa masiku asanu, ena ndi lamba wa nyesi m'manja mwa akatswiri ake, ena popanda lambayo. Pomaliza eni agalu a magulu onse anaona kusintha kofanana. Kusiyana kunali kwakuti agalu a nyesi ankakhala omangika thupi, ankayasamula kawirikawiri, chimene ndi chizindikiro cha nkhawa mwa galu, ndipo analibe chidwi chonunkhiza uku ndi uku monga anzawo. Mu 2020 akatswiri a ku Lincoln komweko anapendanso zithunzi za maphunzirowo, ndipo anapeza kuti agalu ophunzitsidwa ndi mphotho ndiwo ankamvera msanga atangoitanidwa kamodzi.

N'chifukwa chake maiko ena anamuletsa lambayu. Bwalo lalikulu la milandu ku Jeremani linagamula mu 2006 kuti kugwiritsa ntchito zida zotere pa galu n'kuswa lamulo loteteza nyama. Dziko la Wales, ngakhale lili ndi nkhosa zambiri chotero, linaletsa lambayu pa agalu ndi amphaka mu 2010, ndipo chaka chotsatira munthu wina analipitsidwa mapaundi 2,000 chifukwa chomuveka galu wake.

Komabe oikira kumbuyo lambayu ali nayo mfundo yawo. Ku New Zealand kuli mbalame yotchedwa kiwi, yosauluka, yoyenda usiku, imene fungo lake limakopa agalu. Mu 1987 galu mmodzi yekha anaganiziridwa kuti anapha kiwi pafupifupi 500 m'nkhalango ya Waitangi. Pofuna kupewa zotere, agalu a alenje amasonyezedwa kiwi wakufa kapena ndowe zake, ndipo akangosendera kuti anunkhize amalandira nyesi. Apa ntchito ndi imodzi yokha, wodina batani ndi munthu wophunzira, ndipo galu amayesedwanso pakapita nthawi chifukwa phunzirolo limazirala. Izi n'zosiyana kutali ndi munthu wokwiya amene wangogula lamba m'sitolo dzulo.

Njira ya mphotho ndi yochedwa koma ndi yosavuta. Galu amayambira pamalo a phee, atamangidwa chingwe chachitali. Amaitanidwa kamodzi, ndipo akabwera amapatsidwa kachidutswa ka nyama ndi kusisitidwa. Pang'onopang'ono amapita naye kumene kuli zokopa, ndipo samenyedwa akabwera mochedwa. Akuluakulu anati kuwongola mtengo m'poyamba. Mwana wa galu amagwira zimenezi msanga kuposa nkhalamba yozolowera kuthamangitsa nkhosa.

Aphunzitsi amene anaimapo patsogolo pa kalasi sangadabwe nazo. Mwana wolangidwa pa chinthu chimene sanachimvetse amakhala chete, koma chete wakeyo si umboni wakuti wadziwa samu. Chimodzimodzinso galu: nyesi ingamuletse kuchita chinthu, koma siingamuuze choyenera kuchita. Ntchito imeneyo imatsalabe m'manja mwa mwini wake, ndi chingwe, nyama ndi kuleza mtima kwa masiku ambiri. Paja fupa lokakamiza limaswa mphika.