Pogulula ball joint, dziwani pomenya

Mwina mudaonapo galimoto itaima pakati pa msewu, tayala lakutsogolo litagona chammbali ngati mwendo wa mbuzi wothyoka. Odutsa amangoti tayala lathothoka, koma kawirikawiri tayalalo limakhala lilibe mlandu. Chimene chimakhala chitataya ndi kachitsulo kamene amakaniko amati ball joint.

Kachitsuloka kali ngati mfundo ya m'chiuno mwa munthu. Ndi mpira wachitsulo wozungulira m'chikho chodzaza girizi, ndipo pamwamba pake pali labala yotchinga fumbi ndi madzi. Ndiko kamalumikiza mkono wapansi wa galimoto ndi chitsulo chonyamula habu ya tayala, chija amati knuckle, kuti tayala lizitha kukwera, kutsika ndi kukhota nthawi imodzi. Labala ija ikang'ambika, mchenga wa m'misewu yathu umalowa n'kuyamba kupera mpirawo mpaka umakhwepa.

Toyota Corolla yanga yakale idayamba kugogoda kumanzere mvula itangotha. Nditaikweza pa jeke n'kugwedeza tayala, dzanja lina pamwamba lina pansi, ndidaona ndi maso kuti ball joint ikusewera. Galaja yapafupi ili kuboma, ndipo galimoto yomweyi ndiyo anthu amaigogodera usiku mayi akafuna kupita kuchipatala. Ndidaopa kuyenda nayo choncho. Ndidakwera minibasi kukagula ina yatsopano, ndipo Loweruka m'mawa ndidayala masipanala pansi pa mtengo wa mango.

Kuti knuckle ipendekeke bwino, ndidayenera kumasula kaye tie rod end, kamfundo kena kotere kamene kamachokera ku chiwongolero. Iko kadalibe vuto lililonse. Ndidachotsa kapini, nati idatuluka bwinobwino, koma chitsulo chidakana kusuntha. Apa mpamene ndidalakwa. Ndidatenga hamala n'kuyamba kusansantha pamutu pa bawuti yake kuti itsike. Nditamenya kangapo, mutuwo udafutukuka ngati bowa, mazinga onse ataphwanyika. Nati sikadalowanso, ndipo bawutiyo sikadadutsanso pabowo lake popanda kuipala ndi tupa. Ndidapha chitsulo chamoyo pofuna kusintha chakufa.

Phokoso lija lidaitana bambo wina wachikulire wa m'mudzi woyandikana nafe, amene adagwirapo ntchito yokonza mathirakitala pa esiteti ya fodya. Adayang'ana, napukusa mutu.

"Aphunzitsi, mukafuna kugulula khasu, mumamenya msuka kodi?"

Ndidati ayi, timamenyetsa mpini pachitsa, khasu n'kugwa lokha.

"Nanga apa mwasinthiranji?"

Ine amene ndimaima kutsogolo kwa ana tsiku ndi tsiku ndidangoti kakasi. Zoonadi, bawuti ya ball joint siyofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ndi yonenepa kutsinde, yowonda kumutu, ndipo bowo lake lidaboledwa chimodzimodzi. Nati ikamangidwa, imakokera bawutiyo m'bowomo mpaka zitsulo ziwirizo zimalumana ngati msuka mumpini. N'chifukwa chake kuchotsa nati pakokha sikumasula kanthu. Chofunika n'kugwedeza chitsulo chimene chazungulira bowolo kuti chilavule chimene chameza.

Titafika pa ball joint yeniyeni, bambowo adandionetsa. Titasolola shafuti m'habu kuti malo apezeke, adamasula nati koma sadaichotse. Adaisiya itagwira mazinga angapo kuti iteteze mutu wa bawuti komanso kuti zinthu zisagwe mwadzidzidzi. Adandiuza kuti nditsamize hamala yaikulu mbali imodzi ya knuckle, pafupi ndi bowo, iwo n'kumenya mbali inayo ndi hamala ina. Sadali kugogoda mwamantha ayi, kudali kumenya kwamphamvu, kolunjika. Kachitatu kapena kachinayi tidamva kuti thu! Bawuti idamasuka, labala ili yosakhudzidwa.

Zida zopangidwira ntchito imeneyi zilipo m'masitolo a zipangizo za galimoto m'tauni. China chili ngati foloko ya mano awiri imene mumaikhomera pakati pa mfundoyo. Imagwira ntchito msanga, koma nthawi zambiri imang'amba labala, choncho ndi yoyenera pokhapokha ngati ball joint mukuitaya. China chili ngati chopanira: mlomo wina umalowa pansi, wina umakanikiza mutu wa bawuti, inu n'kumamanga pang'onopang'ono mpaka iphulike. Kwa ine ichi ndiye chabwino kwa munthu wokonzera pakhomo, makamaka chifukwa magalimoto ena atsopano ali ndi knuckle ya aluminiyamu, imene siifuna hamala. Hamala ikaphonyanso imatha kugwera pa paipi ya mabuleki, pa waya wa ABS kapena pa labala ya shafuti, zonse zili pomwepo. Ndaonapo ena akuwotcha mfundoyo ndi moto kuti ifewe. Girizi wotsekeredwa m'chikho akatentha amatha kuphulika, ndipo labala ndiye imapseratu.

Pali chinthu chimodzi chimene bambo aja adachibwereza kawiri. Pa Corolla, sipulingi idamangidwa pamodzi ndi shoko, ndiye mkono wapansi ulibe katundu woopsa. Koma pa mapikiapu ambiri, sipulingi imakankha mkono weniweniwo. Mukagulula mfundoyo osaika jeke pansi pa mkonowo, umafyatuka ndi mphamvu yotha kuthyola dzanja. Adandidzudzulanso atapeza galimoto yanga itakhala pa jeke yokha. Tidaika zipika zolimba za mtengo pansi pake, osati njerwa, chifukwa njerwa imanyenyeka osachenjeza, ndipo tayala lochotsa lija tidaligoneka pansi pa galimoto.

Pobwezera, tidapukuta bowo ndi bawuti yatsopano kuti pasakhale mchenga kapena girizi. Nati ikamazungulira pamodzi ndi bawuti, mumangokankha mkono ndi jeke kuchokera pansi kuti zilumane, kenako n'kumanga. Kapini ayenera kukhala watsopano. Msomali wopinda umene ambiri timalowetsapo si kapini, ngakhale ukuoneka ngati wagwira. Ndipo bowo la kapini likapanda kulunjika, natiyo imamangidwa kupita patsogolo pang'ono, siibwezedwa m'mbuyo.

Galimoto idakhala pazipika sabata yathunthu kudikira kuti ndipeze ya tie rod end imene ndidaiphwanya ija. M'sabata imeneyo mwana wa mnansi wanga adadwala malungo usiku, ndipo adapita kuchipatala pa kabaza, ine ndikuwaunikira ndi tochi mpaka pamsewu. Zonse zitamangidwa, ndidayenda pang'onopang'ono mpaka kuboma kukawongoletsa matayala pamakina, poti tie rod end ikasinthidwa matayala salunjikanso monga kale. Amene adawongolayo atasuzumira kumanja adandiuza kuti labala ya ball joint ya mbali imeneyo nayo yayamba kung'aluka.