John Twachtman, Mmisiri Wojambula Chipale Chofeŵa

John Henry Twachtman anabadwa m'chaka cha 1853 mumzinda wa Cincinnati ku America, kwa makolo ochokera ku Germany. Luso lojambula ndi utoto analiphunzira kwa Frank Duveneck, ndipo mu 1875 anapita ku Munich. Kumeneko ophunzira ankazoloŵera utoto wakuda ndi wofiirira, motero zithunzi zake zoyamba zinali zodera ngati kunja kukamada.

Kajambulidwe kake kanasintha ku Paris, kumene anaphunzira pa Académie Julian kuyambira 1883 mpaka 1885. Atabwerera kwao anakhala mmodzi wa otsogolera njira yotchedwa Impressionism. Amisiri a njirayi sataya nthaŵi kuŵerenga masamba a mtengo. Chimene amasaka ndi kuŵala monga momwe kukuonekera pa ola limenelo, kusanasinthe.

Cha m'ma 1890 Twachtman anagula munda ku Greenwich, m'chigawo cha Connecticut, momwe munkadutsa kamtsinje ka Horseneck Brook. Apa ndi pamene panachokera ntchito yake yopambana. Dziŵe lomwelo, mathithi omwewo ndi nyumba yake yomweyo ankazijambula mobwerezabwereza, makamaka m'nyengo yachisanu. Munthu amene sanachionepo chipale chofeŵa angaganize kuti n'choyera basi, ngati ufa woyera pamphasa. Iye anaona kuti mithunzi yake imakhala yobiriŵira kapena yotuŵa, ndipo utoto ankaupaka mosanjikiza mpaka mwala, madzi ndi mtengo zioneke ngati zili m'nkhungu. Chithunzi chake chotchedwa Winter Harmony chili ku National Gallery of Art mumzinda wa Washington.

Komatu ogula anali ochepa. Zithunzi zofatsa chotero sizikopa maso msanga zikapachikidwa pakati pa zinzake zoŵala, ndipo chimene chinkathandiza kudyetsa banja chinali uphunzitsi. Kuyambira 1889 mpaka imfa yake anaphunzitsa pa Art Students League ku New York, ndipo m'nyengo yotentha ankatenga ophunzira kupita ku Cos Cob kuti akajambule ali panja, chinthucho akuchiona ndi maso.

Mu 1897 iye ndi anzake, monga Childe Hassam ndi J. Alden Weir, anatuluka m'bungwe la Society of American Artists nayambitsa gulu la amisiri 10 lotchedwa The Ten. Sanakhalitsemo. Anamwalira mwadzidzidzi ku Gloucester, m'chigawo cha Massachusetts, mu 1902 ali ndi zaka 49, ndipo malo ake m'gululo anatenga William Merritt Chase.